Kuchokera pa mwana wosamva wa Sitandade 2 kufika pa mnyamata wa mowa ndi chamba

Mnyamata wa zaka 15 kapena 16 akagwidwa ndi kabotolo m'chikwama cha kusukulu, kapena akafika pakhomo maso ali psuu akununkha chamba, makolo amayamba ndi mawu amodzimodzi pafupifupi kulikonse: anzake ndi amene amuwononga. Sakunama ayi. Koma afunseni mayi ake kuti mwanayu anali wotani ali ku Sitandade 2. Amayamba ausa moyo kaye, kenako nkhani imatuluka: sankakhala pansi, aphunzitsi ankaitanitsa makolo teremu iliyonse, ankamenya anzake pampira, ndalama ya ndiwo inkasowa iye akadali kamwana. Anzake oipawo sanamutole mwangozi. Pamene ankakumana nawo n'kuti ana ena onse atamutaya kale.

Si chidakwa aliyense amene anali mwana wovuta, ndipo ana ovuta ambiri amakula n'kukhala anthu abwinobwino. Komabe njira yochokera pa khalidwe lovuta la paubwana kufika pa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo inafufuzidwa kwambiri, ndipo mokhotakhota mwake mumadziwika. Mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, ofufuza akhala akutsatira anthu 1,037 amene anabadwa mu 1972 ndi 1973, kuyambira ali ndi zaka 3. Ana amene ankalephera kudzigwira pakati pa zaka 3 ndi 11 ndi amene ambiri anadzapezeka ali akapolo a mowa, fodya ndi mankhwala ena pofika zaka 32, ngakhale ofufuzawo atawerengera kale nzeru za mwanayo ndi kupeza kwa banja lake. Mmodzi wa ofufuzawo, Terrie Moffitt, anafotokoza mu 1993 kuti achinyamata opulupudza ali m'magulu awiri. Ochuluka ndi amene amayamba kusokonekera atatha msinkhu, potengera anzawo, n'kudzasiya akamakula. Ochepa ndi amene anayamba ali aang'ono kwambiri ndipo vutolo limawatsatira mpaka kuukulu. Gulu lachiwirili ndi limene likutikhudza pano.

Mawu akuti "mwana wosamva" amaphimba zinthu zitatu

Choyamba ndi ADHD. Mwanayu amalephera kuika mtima pa chinthu chimodzi, sakhazikika, ndipo amachita chinthu asanaganize. Mukamutuma mchere ndi sopo amabwera ndi sopo yekha, chenji atataya, kope la kusukulu atalisiya pa mjigo. Sikuti akuchita mwano. Kuti madokotala alitche vuto, zizindikiro ziyenera kuti zinayamba mwana asanakwane zaka 12, zatha miyezi 6 kapena kuposa, zikuoneka m'malo osachepera awiri monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikumubweza m'mbuyo. Padziko lonse ndi ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse.

Chachiwiri amachitcha oppositional defiant disorder. Apa pali makani, kupsa mtima msanga, kulimbana ndi akuluakulu, kuputa dala, kukankhira ena zolakwa zake ndi kusunga chakukhosi. Kukangana ndi mkulu wake kapena mlongo wake kokha sikuwerengedwa; khalidweli liyenera kuonekeranso kwa anthu ena kwa miyezi yosachepera 6.

Chachitatu, chimene chili cholemera kwambiri, ndi conduct disorder. Uku n'kupondereza ena ndi kuswa malamulo mobwerezabwereza: kuba, kunama kuti apeze chinthu, kuyambitsa ndewu, kumenya ndi mwala kapena mpeni, kuzunza agalu ndi nkhuku, kutentha zinthu dala, kugona kunja makolo osadziwa, kujomba kusukulu asanafike zaka 13. Pa mndandanda wa makhalidwe 15, pamafunika 3 m'miyezi 12 yapitayo, ndipo limodzi likhale la m'miyezi 6 yapitayi. Chofunika kufunsa ndi msinkhu umene zinayambira. Zikayamba mwana asanakwane zaka 10, chiopsezo chimakhala chachikulu kwambiri.

Pa zitatuzi, chimene chimalosera mowa ndi chamba mwamphamvu ndi conduct disorder. ADHD payokha imakweza chiopsezo, mwina kufika kawiri, makamaka pa fodya, koma mbali yaikulu ya ngoziyo imabwera pamene ADHD yaphatikana ndi kuba, ndewu ndi kuthawa sukulu. Mwana woiwalaiwala, wojijirika, koma wokondedwa pakhomo ndiponso wosasiya sukulu, ali kutali ndi botolo kusiyana ndi m'mene makolo ake amaopera.

M'mene njirayi imayendera

Za kumtundu zilipo, tisabise. Kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa ndi chotengera kwa makolo, ndipo pa ADHD chotengeracho chimaposa pamenepo. Chimene mwana amatengera si ludzu la mowa, koma mabuleki ofooka: kufuna chokoma cha pompano n'kulephera kudikira cha mawa. Mwana wotereyu kawirikawiri amakhalanso ndi kholo lofanana naye, mwina bambo akumwa kale. Ndiye kuti mwana amene amafunika kuleza mtima kochuluka amabadwira m'nyumba imene kuleza mtimako n'kochepa.

Kenako pamabwera chimene Gerald Patterson wa ku Oregon ku America anachifotokoza atakhala zaka akuonera mabanja m'nyumba zawo. Taganizirani madzulo, mayi ali pamoto. "Iwe, katsuke mbale." Mwana ali phee. Abwereza mokweza, mwana ayankha mwano. Mayi anyamula mthiko, mwana adzigwetsa pansi n'kuyamba kukuwa, mbale aponya uko. Nsima ikupserera, aneba akusuzumira. "Basi choka, nditsuka ndekha." Phokoso latha, aliyense wapuma. Koma mwana waphunzira kuti ukakweza kwambiri umapambana, ndipo mayi aphunzira kuti kumusiya n'kumene kumabweretsa mtendere. Tsiku lina mayi sagonja, amamukwapula kolimba, mwana n'kukhala chete kwa ola limodzi. Pamenepo mayi amaphunzira kuti ndodo imagwira ntchito, pomwe mwana akuphunzira kuti wamphamvu ndi amene amalamula. Zimenezi zikachitika kangapo patsiku kwa zaka zisanu, onse awiri amakhala akatswiri.

Mwanayo amapita nalo khalidweli kusukulu. M'kalasi ya ana 100, zimene si zachilendo m'makalasi oyambirira kuno kwathu, mphunzitsi alibe mpata wofufuza chifukwa chake mwana sakhala pansi. Amamutulutsa panja kapena kumupatsa chibalo cholima. Kuwerenga kumamudutsa, amabwereza kalasi, pofika zaka 13 ali mu Sitandade 4 pakati pa tiana tomufika m'chifuwa. Ana ofatsa amamuthawa, makolo awo amawaletsa kusewera naye. Otsala omulandira ndi anyamata aakulu a pa depoti, a ku vidiyo shoo, a pa pool. Kumeneko kupanda mantha kwake, kumene kunali mlandu kusukulu, kumasanduka ulemu. Amapeza kandalama ka ganyu, ndipo makolo, amene atopa naye kalekale, asiya kufunsa kumene waswera.

Msinkhu wolawa koyamba, ndi kuchuluka kwa mowa m'kabotolo

Mu 1997 Bridget Grant ndi Deborah Dawson anasanthula mayankho a anthu oposa 27,000 a ku America amene anamwapo mowa. Mwa amene anayamba ali ndi zaka 14 kapena kucheperapo, oposa 40 mwa 100 anadzakhala zidakwa nthawi ina pamoyo wawo. Mwa amene anayamba ali ndi zaka 20 kapena kuposa, anali pafupifupi 10 mwa 100. Mbali ina ya kusiyanaku ndi yakuti ana osadzigwira ndi omwewo amayamba msanga, koma mbali inanso ndi ubongo. Chigawo cha kutsogolo, chimene chimaletsa munthu ndi kumuganizitsa za mawa, chimamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25, pomwe chigawo chofuna zosangalatsa chimakhala chitayaka kale pa zaka 13. Pa chamba nkhani ndi yomweyo: mwa onse osuta, pafupifupi mmodzi mwa 11 amakodwa, koma mwa oyamba ali achinyamata ndi mmodzi mwa 6.

N'chifukwa chake chaka chilichonse chimene mwachedwetsa kulawa koyamba ndi phindu. Kutuma mwana kukagula mowa, kumuika kuti azisonkhezera moto potcheza kachasu, kumulawitsa masese pa chikondwerero kuti anthu aseke, kwa mwana wofatsa mwina sizisiya chipsera. Kwa mwana wa mabuleki ofooka n'kumutsegulira chitseko. Lamulo la Malawi limaletsa kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18, koma aliyense akudziwa m'mene zimakhalira pa okala.

Makolo ambiri sadziwa kuwerenga mowa, amangoona kuchepa kwa botolo. Muyezo umodzi ndi magalamu 10 a mowa weniweni. Kuti mupeze magalamu, chulukitsani mamililita ndi peresenti yolembedwa pabotolo, gawani ndi 100, kenako chulukitsani ndi 0.79. Botolo la mowa wozizira la 330 ml la 5 peresenti lili ndi magalamu 13. Kabotolo ka pulasitiki ka 200 ml ka 40 peresenti kali ndi magalamu 63, kuposa miyezo 6, pafupifupi mabotolo asanu a mowa wozizira uja. Mnyamata wolemera makilogalamu 45 akakagugudiza mofulumira m'mimba muli gwaa, mowa m'magazi ake ungafike cha m'ma 0.2 peresenti, pamene munthu amasanza, kugwa ndi kuiwala zonse za usikuwo. Chiwindi cha munthu wamkulu chimangochotsa magalamu 7 mpaka 10 pa ola. Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi nayo inaletsa mowa wa m'masacheti, koma midoli inalowa m'malo ndipo imakwana m'thumba la yunifolomu. Kachasu ndiye alibe cholembedwa chilichonse. Wa lero ndi wa mawa mphamvu zake sizifanana.

Pali chinthu china chimene chimanamiza anthu. Mnyamata amene anzake amamutama kuti ali ndi mutu wolimba, amamwa osagwa, si wotetezeka. Marc Schuckit anatsatira ana aamuna a zidakwa kwa zaka zambiri ndipo anapeza kuti amene mowa sunkawagwira msanga ndi amene ambiri anadzakhala zidakwa, chifukwa thupi siliwachenjeza kuti basi.

Musanamutche nkhutukumve, fufuzani izi

Mwana amene anali bwinobwino kenako n'kusintha atadwala malungo aakulu ofika kuubongo, aja okomoka nawo, afunika kuonedwa ndi achipatala. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre n'kusindikizidwa mu 2010 anapeza kuti ana ena opulumuka malungo otere amatsala ndi khunyu kapena khalidwe losokoneza ndi losakhazikika. Mwana amene mayi ake ankamwa ali oyembekezera akhozanso kuoneka ngati wa ADHD, wovutika kuphunzira pa zolakwa zake. Madera ena a Western Cape ku South Africa ali m'gulu la malo amene vutoli lapezeka kwambiri padziko lonse. Yezetsaninso makutu ndi maso, chifukwa mwana wotuluka mafinya m'khutu amene wakhala kumbuyo kwa kalasi ndi wosamva weniweni. Njala, imfa ya kholo, nkhanza zapakhomo ndi kugwiriridwa zimasinthanso khalidwe, ndipo kusintha kwadzidzidzi kwa mwana amene anali wofatsa kumaloza kumeneko kusiyana ndi ku ADHD. Atsikana amaphonyedwa kwambiri, chifukwa sachita ndewu zoonekera. Amadziwika mochedwa, mwina ali kale ndi pakati ndipo akumwa.

Zimene zimathandiza mwana asanafike zaka 10

Mankhwala oyamba ndi kusintha m'mene akuluakulu amachitira naye. Zimamveka zopepuka, koma kuzitsata tsiku ndi tsiku n'kovuta.

Yambani ndi mphindi 10 patsiku zokhala naye, iye asankhe chochita, kaya bawo, kaya kupanga galimoto ya mawaya, inu osalamula, osakonza, osalalikira. Makolo ambiri amafuna kudumpha sitepe imeneyi n'kuthamangira ku chilango, ndipo n'pamene zimakanikira, chifukwa mwana amene wazolowera kukalipiridwa alibe chimene angataye. Muyamikireni pompopompo, motchula chinthucho: "Wabweretsa madzi nditangokuuza kamodzi, wachita bwino." Lamulo liperekedwe limodzi, muli pafupi, mukumuyang'ana, ndipo linene chochita osati chosiya: "Ika nsapato pakhonde" osati "Usiye uve." Dikirani masekondi asanu. Akakana, chenjezani kamodzi, kenako chilango chaching'ono chimene mungathe kuchikwaniritsa: kukhala payekha pamalo opanda chosangalatsa kwa mphindi imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake, kapena kuletsedwa mpira wa tsiku limenelo lokha. Zikatha, achitebe chimene anatumidwa chija.

Sabata yoyamba kapena yachiwiri khalidwe limayamba laipiraipira, chifukwa mwana akuyesa ngati chida chake chakale chikugwirabe ntchito. Apa ndi pamene ambiri amasiya n'kunena kuti zachizungu sizithandiza. Kugonja pa nthawi imeneyi kumamuphunzitsa kukuwa nthawi yaitali kuposa kale. Chinanso chimene chimaononga ndi kusagwirizana kwa akuluakulu: mayi aletsa, agogo apereka, amalume akwapula. Khalani pansi nonse musankhe makhalidwe awiri okha oyamba nawo.

Kusukulu, pemphani kuti azikhala kutsogolo, ndipo konzani kakope kamene aphunzitsi azichonga zinthu zitatu patsiku, monga kukhala pamalo ake, kumaliza ntchito ndi kusamenya. Akabweretsa zochonga ziwiri mwa zitatu alandire kanthu kakang'ono tsiku lomwelo, osati lonjezo la njinga pa Khirisimasi. Aphunzitsi angayesenso masewera otchedwa Good Behavior Game: kalasi igawidwa m'magulu, ana ovuta amwazidwa m'magulu onse, malamulo ochepa alembedwa pa bolodi, ndipo gulu lililonse limene silinapitirire zolakwa zinayi pa mphindi 10 limapambana. Anayesa zimenezi mu Baltimore kuyambira 1985 pa ana a makalasi awiri oyambirira, motsogozedwa ndi Sheppard Kellam. Atafika zaka 19 mpaka 21, anyamata amene anasewera masewerawa anali ndi vuto la mankhwala ozunguza bongo 19 mwa 100, pomwe anzawo a makalasi ena anali 38 mwa 100, ndipo amene anapindula kwambiri ndi aja anali aukali zedi ali aang'ono. Zimangofuna choko ndi wotchi.

Makolo ena amaopa methylphenidate, mankhwala a ADHD, poganiza kuti aphunzitsa mwana mankhwala ozunguza bongo. Kafukufuku wotsatira ana kwa zaka zambiri sanapeze kuti amakweza chiopsezocho, ndipo wina wa ku Sweden anapeza kuti chimatsika. Koma si katemera wa uchidakwa, sapezeka paliponse, ndipo amalembedwa ndi dokotala atamuyeza mwana. Akakhala m'nyumba, asungidwe ndi wamkulu ndipo mapiritsi aziwerengedwa.

Cholakwika chimene chimaoneka ngati nzeru ndicho kusonkhanitsa ana ovuta pamodzi kuti awongoledwe. Thomas Dishion ndi anzake anaonetsa mu 1999 kuti magulu otere akhoza kuwonjezera kusuta ndi kupulupudza, chifukwa anyamatawo amasekerera nkhani zoipa za anzawo n'kumaphunzitsana. Kumutumiza kumudzi nakonso kumathandiza pokhapokha ngati kuli wamkulu wamphamvu zomulondola. Agogo okalamba, mudzi umene khomo lachitatu lililonse amatcheza, si chipatala.

Ngati wayamba kale

Lankhulani naye asanamwe, muli awiri, osati pa bwalo la abale. Achipatala amagwiritsa ntchito mafunso 6 otchedwa CRAFFT. Kodi unakwerapo galimoto kapena njinga yamoto yoyendetsedwa ndi munthu woledzera, kuphatikizapo iweyo? Umamwa kapena kusuta kuti mtima ukhale pansi kapena kuti ufanane ndi anzako? Umamwa uli wekha? Umaiwala zimene unachita utamwa? Abale kapena anzako anakuuzapo kuti uchepetse? Unalowapo m'mavuto utamwa? Akavomera awiri kapena kuposa, afunika kuonedwa ndi wodziwa. Uchidakwa weniweni umadziwika ndi kulephera kuimira pamene anafuna, mowa kukhala patsogolo pa sukulu, mpira ndi chakudya, kufuna wochuluka kuti aledzere, ndi kunjenjemera m'mawa.

Amene amamwa kwambiri tsiku lililonse asatsekeredwe m'chipinda kuti asiye mwadzidzidzi. Pakatha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, thukuta ndi nseru. Pa tsiku loyamba kapena lachiwiri akhoza kugwa ngati wakhunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi akhoza kusokonezeka mutu, kuona zinthu zomwe palibe, ndipo izi zimapha. Kuchipatala amapereka diazepam pa mlingo wotsika pang'onopang'ono pamodzi ndi thiamine. Kusiya chamba sikupha, koma konzekerani ukali, kusowa tulo ndi kusafuna kudya kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Akayamba kulankhula yekha, kukayikira aliyense kapena kumva mawu, musadikire.

Mukamupeza ali chikomokere ndi mowa, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, mufunditseni, musamumwetse kanthu ndipo musamusiye yekha kuti agone zithe. Ngati sakudzuka mutamutsina, kapena akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi, thamangirani naye kuchipatala. Kwa ana mowa umagwetsanso shuga m'magazi. Ndipo poti mnyamata wosaganiza kawiri akaledzera atakhumudwa akhoza kudzivulaza m'kanthawi kochepa, tameki ndi mankhwala a kumunda azikhala kokiya.

Kwa achinyamata, chithandizo chimene chimaphatikiza banja lonse chimaposa uphungu wa mnyamata payekha. Ku Eastern Cape ku South Africa, pulogalamu ya Sinovuyo Teen, ya misonkhano 14 ya makolo ndi ana awo, inayesedwa pa mabanja 552 ndipo zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuchepa kwa nkhanza pakhomo ndi kwa mowa ndi mankhwala, kwa achinyamata ndi kwa makolo omwe. Pakhomo panu izi zikutanthauza kudziwa kumene ali, amene ali naye ndi nthawi yobwerera, kumugulira chinthu m'malo momupatsa ndalama m'manja, kumubwezera kusukulu kapena kwa mmisiri wosamwa, komanso bambo kudziyang'ana okha. Akaterereka n'kumwanso, si kuti zonse zagwa. Fufuzani tsiku, malo ndi munthu amene anali naye, n'kutseka mpata umenewo.

Poyambira ndi chipatala cha boma la kwanu, mufunse wachipatala woona za matenda a maganizo. Zikakula pali Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo pa nkhani za nkhanza kwa ana nambala yaulere ndi 116. Tengani buku lake la kuchipatala la kuyambira ali khanda, malipoti a kusukulu akale, ndi munthu amene anamulera ali wamng'ono. Pemphani kuti akakhala masabata angapo osamwa amuyezenso za ADHD ndi matenda a nkhawa kapena kukhumudwa, chifukwa mowa ukadali m'thupi zizindikiro zimasakanikirana. Ndipo ngati pakhomopo pali mng'ono wake wa zaka 6 kapena 7 amene aphunzitsi ayamba kale kumudandaula, mutengereni limodzi tsiku lomwelo.